Nyama yobwera papositi, mbaula kumbuyo kwa galimoto: phwando la mpira ku America

Tsiku limene timu ya Kansas City Chiefs ikusewera pakwawo, utsi umayamba kufuka kunja kwa bwalo la Arrowhead kudakali maola angapo kuti oimbira aimbe wezulo. Galimoto zikwizikwi zimandanda pamalo oimikapo, eni ake n'kutsitsa mbaula, matumba a makala, mipando, matebulo opinda ndi mabokosi odzaza nyama ndi zakumwa. Dzuwa lisanafike pamutu, malo onse amakhala atasanduka khitchini imodzi yaikulu. Uku akuotcha nthiti za nkhumba, apa masoseji, apo mapiko a nkhuku, ndipo mlendo wodutsa amaitanidwa kuti alaweko.

Mwambowu Amereka amautcha tailgating. Dzinali lidachokera ku chitseko chakumbuyo kwa galimoto yonyamula katundu, chomwe m'Chingerezi chimatchedwa tailgate. Akachitsitsa chimasanduka tebulo loikapo mbale, mipeni ndi nyama.

Mpira womwe tikunena pano ndi wa ku America, uja amasewera ndi manja, wooneka ngati dzira, osewera atavala zisoti. Komabe okonda mpira wamiyendo nkhaniyi ikuwakhudza, chifukwa mabwalo a World Cup ya 2026 ku America ndi omwewa. Arrowhead ili m'gulumo, pamodzi ndi MetLife ya ku New Jersey yomwe idasankhidwa kuchititsa ndime yotsiriza.

Chomwe chingadabwitse munthu wakuno n'chakuti nyama ina imene imaotchedwa pamenepo mwini wake sadaione pogula. Adaiitanitsa pafoni kapena paintaneti, ndipo idayenda makilomita oposa 1,000 m'bokosi, n'kudzasiyidwa pakhomo ngati kalata. Kodi munthu wanzeru zake angalipire bwanji nyama imene sadainunkhize, kwa wogulitsa yemwe nkhope yake saidziwa? Yankho la funsoli ndilo phata la nkhani yonseyi.

Phwando lobadwa ndi galimoto

Mabwalo ambiri akuluakulu ku America adamangidwa kunja kwa mizinda, komwe malo ngotchipa, ndipo adazunguliridwa ndi malo oimika galimoto aakulu kuposa bwalo lenilenilo. Arrowhead, lomwe lidatsegulidwa mu 1972, ndi limodzi mwa mabwalo otere. Pafupi palibe malo odyera okwanira chinamtindi cha anthu, ndipo chakudya ndi mowa zam'kati mwa bwalo n'zodula. Munthu wofuna kuthawa mzere wautali wa galimoto amafika msanga, ndiye akafika msanga achitenji? Amayatsa moto.

Chinanso n'chakuti masewero ake ndi ochepa. Mu ligi yaikulu ya NFL timu iliyonse imasewera magemu 17 okha isanafike ndime yachipulula, ndipo pakwawo imasewera 8 kapena 9. Matimu a m'mayunivesite, omwe amasewera Loweruka, amakhala ndi magemu apakhomo 6 kapena 7. Choncho gemu iliyonse imakhala ngati chinkhoswe: amaikonzekera sabata yonse. Musadabwe kumva za mayunivesite, chifukwa kumeneko mpira wa ophunzira ndi nkhani yaikulu. Bwalo la University of Michigan limalowa anthu oposa 107,000.

Dera lililonse lili ndi ndiwo yake. Ku Green Bay, m'chigawo cha Wisconsin komwe kudakhazikika anthu ambiri ochokera ku Germany, amaotcha soseji yotchedwa bratwurst ataiphika kaye m'mowa ndi anyezi, ndipo amatero ngakhale kunja kukugwa chipale. Ku Louisiana amaphika mpunga wosakaniza ndi nyama m'miphika ikuluikulu, ndipo tsiku lokumana ndi timu ya Florida, yomwe chizindikiro chake ndi mtundu wa ng'ona, ochemerera ena amaotcha ng'onayo yathunthu pofuna kuzazira adani awo. Ku Texas amanyadira nyama ya pachidale cha ng'ombe, yomwe amaiwamba pa utsi usiku wonse mpaka ifewe. Ku Tennessee ndi ku Seattle, komwe mabwalo ali m'mbali mwa madzi, ena amabwera pamaboti n'kuotchera momwemo.

Apa ndipo pagona msika wa nyama ya papositi. Mmereka amasamukasamuka kutsata ntchito. Wobadwira ku Wisconsin akakhala ku Arizona amasowa soseji yakwawo, monga momwe m'bale wathu ali ku Johannesburg amapempha kuti timutumizire usipa, chambo chouma ndi ufa woyera pabasi. Kusiyana kwake n'kwakuti ife timatumiza zouma, pomwe iwo amatumiza nyama yaiwisi.

Momwe nyama imayendera

Kampani yodziwika kwambiri pantchitoyi ndi Omaha Steaks ya m'chigawo cha Nebraska. Idayamba mu 1917 ngati butchala wamba ya J.J. Simon ndi mwana wake B.A. Simon, Ayuda omwe adachoka ku Latvia. Poyamba inkagulitsa nyama kumahotela ndi m'malo odyera, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 idayamba kutumiza nyama kwa anthu m'makomo mwawo. Lero makampani otere alipo ambiri. Snake River Farms ya ku Idaho imagulitsa nyama ya ng'ombe zamtundu wa Wagyu, wochokera ku Japan. ButcherBox, yomwe idayamba mu 2015, imatumiza bokosi la nyama mwezi ndi mwezi kwa amene adalembetsa. Goldbelly imatenga nyama yootchaotcha m'malo odyera otchuka n'kuitumiza dziko lonse.

Kachitidwe kake nkofanana. Nyama amaidula nthulinthuli, kuikutira m'pulasitiki atachotsamo mpweya wonse, ndi kuiumitsa gwa m'mafiriji amphamvu. Akatero amailongedza m'bokosi losalowa kutentha pamodzi ndi chinthu chotchedwa dry ice. Chimenechi ndi mpweya wa carbon dioxide, womwe timatulutsa popuma, koma wozizitsidwa mpaka kulimba ngati mwala. Kuzizira kwake kumafika madigiri 78 pansi pa ziro, ndipo sichisungunuka n'kukhala madzi: chimangosanduka mpweya n'kuuluka. N'chifukwa chake bokosi limafika louma. Ukachigwira ndi manja osavala kanthu chimapweteka khungu ngati moto.

Bokosilo amalipereka kwa amtengatenga monga FedEx kapena UPS, ndipo pakatha tsiku limodzi, awiri kapena atatu limakhala lafika. Unduna wa zamalimidwe wa dzikolo, USDA, umalangiza wogula kuti atsegule bokosi nthawi yomweyo. Nyama ikhale idakali youma, kapena yozizira osapyola madigiri 4. Ikafika yofunda, asaidye ndiponso asailawe n'komwe, koma adziwitse kampani. Wokonzekera gemu ya Lamulungu amaitanitsa kumayambiriro kwa sabata, chifukwa nyama youma gwa imafuna tsiku lathunthu kapena kuposa m'firiji kuti isungunuke bwino.

Chikhulupiriro chidagulidwa ndi manyazi

Amereka sadabadwe akukhulupirira nyama yochokera kutali. M'zaka za m'ma 1800 anthu a ku New York ndi Boston ankagula kwa wabutchala wapafupi, yemwe ankapha ng'ombe zobwera zamoyo pasitima. Mu 1865 ku Chicago adatsegula makola aakulu a Union Stock Yards, ndipo cha m'ma 1878 mkulu wina wabizinesi, Gustavus Swift, adayamba kugwiritsa ntchito mabogi a sitima ozizitsidwa ndi madzi oundana. Iye adawerengera kuti kunyamula ng'ombe yamoyo n'kulipirira nyanga, ziboda ndi matumbo pachabe. Kuphera ku Chicago n'kutumiza nyama yokha kudatsitsa mtengo. Mabutchala a kum'mawa adalimbana naye, n'kumafalitsa kuti nyama yakeyo njosayenera kudya, koma kutchipa kudapambana.

Komatu pomwe diso la wogula silifika, utambwali umalowa. Mu 1904 mlembi wina wachinyamata, Upton Sinclair, adakhala masabata 7 pakati pa ogwira ntchito m'malo ophera nyama ku Chicago. Buku lake, The Jungle, lidatuluka mu 1906 ndipo lidaulula za nyama yowola yomwe ankaithira mankhwala n'kuigulitsa, komanso makoswe ogayidwa limodzi ndi masoseji. Cholinga chake chidali kuonetsa nkhanza zomwe antchito ankakumana nazo, koma owerenga chidawagwira mtima ndi chomwe chinkalowa m'mimba mwawo. Malonda a nyama adatsika, ndipo pa 30 June 1906 mtsogoleri wa dzikolo, Theodore Roosevelt, adasaina lamulo loti nyama yogulitsidwa kuchoka m'chigawo china kupita china iziyezedwa ndi boma.

Mpaka lero malo ophera ziweto otere sagwira ntchito popanda woyeza wa boma, yemwe amaona chiweto chisanaphedwe ndiponso chitaphedwa. Nyama ikapambana amaidinda chidindo. Palinso chidindo chachiwiri, chomwe kampani imachita kulipira ikafuna, chosonyeza ubwino wa nyama ya ng'ombe potengera timizere ta mafuta tomwe tili m'kati mwa mnofu. Yapamwamba ndi Prime, yotsatira ndi Choice, kenako Select. Munthu ali ku Florida akawerenga mawu akuti Choice pa intaneti amadziwa chomwe chikubwera kuchokera ku Nebraska. Chidindo chimaima m'malo mwa maso ndi mphuno yake.

Phunziro lachiwiri lidabwera mowawa. Kumapeto kwa 1992 ndi kumayambiriro kwa 1993 anthu oposa 700 adadwala ndipo ana anayi adamwalira kaamba ka nyama yogaya yosapsa mokwanira ya m'malo odyera a Jack in the Box, yomwe idali ndi kachilombo ka mtundu woopsa wa E. coli. Mu 1994 boma lidalamula kuti nyama yogaya yopezeka ndi kachilomboka isagulitsidwe. Kuyambira pamenepo, uthenga woti nyama aziiyeza kutentha kwake m'malo mongoiyang'ana maonekedwe udayamba kumveka kwambiri.

Katundu wa kumbuyo kwa galimoto

Chipangizo chilichonse chomwe wochemerera amatsitsa m'galimoto chili ndi mbiri yake. Tiyambe ndi makala. Galimoto zakale za Henry Ford, za mtundu wa Model T, zinkalira matabwa ambiri, ndipo fakitale yake yocheka matabwa kumpoto kwa Michigan inkasiya milu ya utuchi ndi zidutswa. Ford ankadana ndi kutaya chinthu. M'zaka za m'ma 1920 adayamba kuotcha zinyalalazo, kuzipera, kusakaniza ndi phala lomata n'kuziumba timibulu tofanana kukula. Makalawo ankagulitsidwa m'malo omwewo ogulitsira galimoto zake, pamodzi ndi timbaula tapaulendo. Mu 1951 bizinesiyo idagulitsidwa n'kutchedwa Kingsford, pokumbukira Edward Kingsford, wachibale wa Ford yemwe adamuthandiza kupeza nkhalangozo. Dzinali likadali pamatumba a makala ku America konse.

Mbaula yozungulira yokhala ndi chivindikiro idabwera mu 1952. George Stephen ankagwira ntchito pakampani ya Weber Brothers Metal Works ku Chicago, yomwe inkapanga zitsulo zoyandama zolozera njira sitima zapamadzi. Atatopa ndi mphepo yomwe inkathira phulusa panyama yake, adadula chitsulo chimodzi pakati, theka kukhala mphika wa makala, lina chivindikiro, n'kuboola timabowo tolowera mpweya. Chivindikirocho chidasintha kaotchedwe. Makala ukawaunjika mbali imodzi, mbali inayo imakhala ngati uvuni: nthuli yaikulu imapsa pang'onopang'ono mpaka m'kati osapserera kunja.

Ambiri masiku ano adasamukira ku mbaula zagasi, zomwe zimayaka pompopompo ndipo zimazizira msanga nthawi yolowa m'bwalo ikakwana. Ndipo chomwe chatchuka zaka zaposachedwapa chingakusekeni: chitsulo chafulati chokazingirapo, chotenthetsedwa ndi gasi pansi, chomwe makampani monga Blackstone akugulitsa ngati chinthu chatsopano. Mnyamata wa pachiwaya ku Ndirande kapena ku Mchesi atachiona angati, si ichi timagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku?

Komabe odziwa amati zipangizo ziwiri zofunika koposa sizipsetsa kanthu. Choyamba ndi cooler box. Tizilombo timaswana msanga panyama ikakhala pakati pa madigiri 4 ndi 60, ndipo langizo la USDA nlakuti chakudya chotere chisakhale panja kupyola maola awiri, kapena ola limodzi ngati kunja kwatentha kuposa madigiri 32. Osamala amanyamula mabokosi awiri, lina la nyama yaiwisi, lina la zakumwa, chifukwa la zakumwa limatsegulidwa kawirikawiri. Mbale yomwe idanyamula nyama yaiwisi saikamonso yakupsa.

Chachiwiri ndi kachipangizo koyezera kutentha, kokhala ndi msonga yobaya m'kati mwa nyama. Nthuli yathunthu ya ng'ombe kapena nkhumba imafuna madigiri 63, n'kuisiya ipume mphindi zitatu. Nyama yogaya imafuna 71, nkhuku 74. Chifukwa chake n'chomveka. Panthuli yathunthu tizilombo timakhala kunja, komwe moto umafika msanga. Nyama ikagayidwa, zakunja zimalowa m'kati, ndipo chibulu chimodzi chikhoza kukhala ndi nyama ya ng'ombe zambiri. Maso amanama: nyama yogaya ikhoza kuoneka yakupsa pamene m'kati simunatenthe mokwanira.

Moto nawo uli ndi milandu yake. Pamatumba a makala ku America lamulo limafuna chenjezo loti kuwayatsa m'nyumba, m'tenti kapena m'galimoto kumapha, chifukwa amatulutsa mpweya wa carbon monoxide womwe suoneka ndipo sununkha. Ngozi imeneyi ife timaidziwa bwino m'miyezi ya June ndi July, pomwe mabanja amagona ndi mbaula m'nyumba. Kwa iwo palinso ina: munthu wothamangira gemu amakankhira mbaula yotentha pansi pa galimoto, ndipo potuluka amapeza ozimitsa moto atazungulira chigoba. N'chifukwa chake mabwalo ambiri amaika migolo yapadera yotayamo makala amoto.

Phwando la aliyense, kapena la opata?

Chomwe chidapangitsa mwambowu kukondedwa n'chakuti udali wotchipa ndi wosasankha. Anthu ambiri amapita kukaotcha nawo nyama alibe n'tikiti yomwe, mpirawo n'kuonera pa kanema yemwe amulumikiza kubatire la galimoto. Bwana ndi wantchito amaima pambaula imodzi. Ngakhale wovala malaya a timu yolimbana nayo amanyozedwa mwanthabwala kenako n'kupatsidwa mbale.

Koma ndalama zalowerera. Malo oimika galimoto amalipiritsa, ndipo mabwalo ena salola munthu wopanda tikiti kulowa pamalopo. Padzuka makampani omwe amakukhomera tenti, kukuikira kanema ndi kukubweretsera chakudya chophikaphika, iwe n'kungofika ndi m'mimba. Ochemerera akale amadandaula kuti phwando lotere lilibe fungo, chifukwa ubale umamangidwa pamene anthu akupemphana machesi ndi mchere.

Nyama nayo yakwera. Kuchiyambi kwa 2024 chiwerengero cha ng'ombe ku America chidatsika kufika pafupifupi 87 miliyoni, chochepetsetsa chiyambire 1951, makamaka kaamba ka chilala ndi kudula kwa chakudya cha ziweto. Kuonjezera apo, makampani anayi okha, Tyson, JBS, Cargill ndi National Beef, ndiwo amapha pafupifupi 85 mwa ng'ombe 100 zilizonse zonenepetsedwa m'makola. Alimi a ng'ombe akhala akudandaula kuti alibe kosankha pogulitsa. Ena mwa iwo apeza pothawira mumalonda a papositi omwewa: amakaphetsa ng'ombe zawo pamalo oyezedwa ndi boma, n'kugulitsa mwachindunji kwa anthu paintaneti, phindu la apakati n'kutsala m'thumba mwawo. Njira yomwe idayamba ndi makampani aakulu ikuthandizanso mlimi wamng'ono, ngakhale mtengo wotumizira bokosi lozizira umapangitsa nyamayo kukhala ya anthu opezako bwino.

Nanga kwathu kuno?

Kuotcha nyama pafupi ndi mpira sitichita kuphunzira kwa Amereka. Bullets ikamakumana ndi Wanderers, kunja kwa bwalo kumakhala kanyenya, tchipisi ndi chimanga chootcha. Chikhulupiriro chathu chili m'maso. Timaloza nthuli yomwe tikufuna, timaona mbuzi itapachikidwa mchira uli pomwepo, ndipo timagula kwa munthu amene timamudziwa dzina. Akatigulitsa yowola tidziwa komupeza. Njirayi ili ndi ubwino womwe Mmereka wogula paintaneti adautaya.

Vuto nlakuti maso saona tizilombo, ndipo njira yodalira kudziwana imathera pomwe phazi lathera. Mlimi wa ng'ombe ku Chikwawa kapena ku Mzimba sangagulitse nyama kwa munthu wa ku Lilongwe yemwe sakumudziwa popanda wina woima pakati amene onse awiri amamukhulupirira. Timaona mbuzi yophedwa m'mawa ili padzuwa mpaka madzulo, ntchentche zikuchita msonkhano. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, womwe udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, udatikumbutsa kuti chomwe timadya pamsewu ndi nkhani ya moyo ndi imfa.

Zotengera ku America si nyama ya Wagyu kapena mbaula yodula ngati njinga yamoto ayi. Zilipo zitatu zomwe sizilira chuma chambiri. Choyamba, chidindo cha woyeza nyama chomwe wogula angachikhulupirire chifukwa sichigulidwa ndi kangachepe. Chachiwiri, kuzizira: cooler box yokhala ndi madzi oundana pachiwaya chilichonse, komanso mafiriji oyendera dzuwa m'misika yomwe magetsi amazimazima. Chachitatu, makala a zinyalala. Zomwe Ford adachita ndi utuchi zaka 100 zapitazo n'zotheka ndi utuchi wa ku Chikangawa, makoko a mtedza ndi madeya a mpunga, pomwe mapiri athu akumetedwa mpala ndi ootcha makala.

Akuluakulu adati phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako. Amereka adasankha kusungitsa gawo la phukusilo kwa woyeza wa boma, koma adatero atamukakamiza ndi mkwiyo wawo mu 1906, n'kumukumbutsanso ndi maliro a ana mu 1993. Makhonsolo athu amatolera ziphaso kwa ogulitsa nyama tsiku lililonse. Wogula kanyenya ali ndi ufulu wofunsa kuti mbuziyo adaiyeza ndani, ndipo ndalama ya chiphasoyo idagula chiyani pamsikapo.